Batani limodzi lobisa menyu ndi kusunga chithunzi pa Annotator: n'chifukwa chiyani malamulo a RS-232 akukana?

Funso: Ndimayang'anira zida za m'chipinda chophunzitsira pa koleji ina ya zaumoyo. Pakati pa laputopu ya aphunzitsi ndi pulojekita tinaikapo Extron Annotator 300, ndipo aphunzitsi amazunguliza ndi kulemba pa zithunzi za X-ray pokhudza sikirini. Akufuna batani limodzi loti akadina, ophunzira asaone menyu koma chithunzi chisungidwe pa fulashi. Ndalumikiza chingwe cha RS-232, cha serial chotumizira malamulo ku makinawa, ndipo malamulo ndakopera m'buku la PDF. Nthawi zina makinawo amangoti zii, nthawi zina amayankha E10. Tsiku lina zinatheka, koma pa zithunzi zisanu zinasungidwa ziwiri zokha. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Mavuto mwatchulawa ndi atatu, ndipo gwero lawo ndi losiyana. Kuti zii ndi nkhani ya mawaya kapena liwiro la port. E10 ndi nkhani ya kalembedwe ka lamulo, ndipo musadandaule nayo kwambiri, chifukwa ikusonyeza kuti makinawo akukumvani ndipo yankho lawo likukufikani. Kusowa kwa zithunzi zitatu ndi nkhani ya nthawi: mumatumiza lamulo lachiwiri makina asanamalize loyamba. Onse atatu mumawagwira mukazolowera kuwerenga zimene makina akuyankha m'malo mongotumiza n'kuyang'ana pa khoma.

Tiyambe ndi zii. Kumbuyo kwa makinawa kuli malo oposa amodzi olembedwa RS-232. Olamulira makinawo ndi amene ali pansi pa mawu akuti Remote. Ena, olembedwa Over TP, amangodutsitsa zimene mwatumiza kupita ku chida cholandirira kanema, chotchedwa DTP, chimene chili kutsidya kwa chingwe cha netiweki, nthawi zambiri pafupi ndi pulojekita. Mukalumikiza pamenepo, malamulo anu akupita kwa pulojekita, ndipo Annotator sakuwaona n'komwe. Anthu ambiri amataya tsiku lathunthu pamenepa chifukwa timapulagi take ta masikuluwu timafanana.

Mawaya ofunika ndi atatu okha. Pa DB9, pulagi ya mapini 9 ya kompyuta, pini 2 imalandira, pini 3 imatumiza, pini 5 ndi ground. Ndiye pini 3 ipite pa Rx ya makina, pini 2 ipite pa Tx, pini 5 pa G. Ngati mukukayika kuti waya wotumiza ndi uti, tengani mita yoyezera magetsi, ikani pa DC, waya wakuda pa ground. Waya wotumiza akakhala kuti sakutumiza kanthu amaonetsa mavoti a negative, kawirikawiri pakati pa -5 ndi -12. Wolandira amaonetsa pafupifupi 0. Muyese mbali ya kompyuta payokha, mbali ya makina payokha, kenaka mulumikize wa negative wa mbali imodzi ku wa 0 wa mbali inayo. Mukalumikiza a negative awiri pamodzi, onse akulankhula ndipo palibe akumvera.

Chenjerani ndi kadaputa ka USB kamene mukugwiritsa ntchito. Pali tina totchipa togwiritsira ntchito pa Arduino, totulutsa 3.3 kapena 5 V, timene timatchedwa TTL. Timeneti si RS-232: mavoti ake ndi ochepa komanso ndi otembenuka, moti makina saona kanthu kapena amaona zinyalala. Kofunika ndi kamene kali ndi mutu wa DB9 ndipo pa pini 3 pakuoneka negative. Kuti mutsimikize kuti kadaputa ndi kamoyo, chotsani makina, gundanitsani pini 2 ndi 3 ndi kawaya, tsegulani pulogalamu ya terminal, yolembera molunjika ku port, monga PuTTY kapena Tera Term, zimitsani local echo, ndipo lembani chilichonse. Zilembo zikabwerera pa sikirini, kadaputa ndi dalaiva yake zili bwino.

Liwiro lochokera kufakitale pa zida za Extron ndi 9600 baud, 8 data bits, popanda parity, 1 stop bit, popanda flow control. PuTTY imabwera itaika XON/XOFF pa flow control, muisinthe ikhale None. Njira yachidule yodziwira ngati liwiro likugwirizana ndi iyi: siyani pulogalamu ya terminal yotsegula, zimitsani makina, muwayatsenso. Akadzuka amatumiza okha mzere woyamba ndi mawu akuti Copyright, wotchula dzina la makina, nambala ya firmware ndi part number. Mzerewo ukawerengeka, liwiro ndi waya wochokera ku makina zili bwino. Ukabwera ngati timabokosi ndi zizindikiro zosadziwika, wina anasintha liwiro, ndipo muyese 19200, 38400 ndi 115200. Chingwe chisapitirire mamita 15 ngati n'kotheka, ndipo chisayende m'paipi imodzi ndi mawaya a magetsi.

Kenaka lembani Q basi, osadina Enter. Makina ayankhe nambala ya firmware. Lembani N, ayankhe part number. Lembani 1! ndipo asinthire ku input yoyamba. Ziwiri zoyambazo sizisintha kanthu pa makina, n'chifukwa chake ndi zabwino kuyambira.

Tsopano E10, imene tanthauzo lake ndi lakuti lamulo silikudziwika. Mwanena kuti munakopera m'buku la PDF, ndipo ndikukayikira kuti vuto lagona pomwepo. Chilankhulo cha makinawa, chimene Extron amachitcha SIS, chili ndi malamulo a mitundu iwiri. Aafupi, monga Q, N ndi 1!, amathera pa chilembo kapena chizindikiro chawo chomaliza ndipo safuna Enter. Aatali, kuphatikizapo okhudza menyu, zolembera ndi kusunga zithunzi, amayamba ndi Escape n'kuthera ndi carriage return, baiti imene batani la Enter limatumiza. M'bukumo Escape amamujambula ngati kabokosi kolembedwa Esc, carriage return ngati kamuvi koloza kumanzere, ndipo pamene muyenera kuikapo nambala yanu pali X wa m'kabokosi. Zizindikirozi zinalembedwa ndi font yapadera. Mukazikopera n'kuziika mu Notepad, Esc amasanduka chilembo E, kamuvi kamasanduka }, ndipo X1 amasanduka X!. Ndiye chimene chikupita pa waya ndi chilembo E chenicheni, nambala yake 45 mu hex (kalembedwe ka manambala a mabaiti), pamene makina akudikira 1B. Osakopera. Lembani ndi manja, mukudziwa kuti chizindikiro chilichonse chikuimira baiti iti:

Escape ndi 1B, carriage return ndi 0D, line feed ndi 0A, kadontho kakuda ka pakati ndi mpata, 20. Nyenyezi ndi nyenyezi yeniyeni, 2A, yolekanitsa nambala ziwiri.

Kalembedwe ka baiti ya 1B kamasiyana malinga ndi chimene chikutumiza. Mu Python ndi mu zida zolamulira za Crestron mumalemba \x1B, mu NetLinx ya zida zolamulira za AMX mumalemba $1B kapena 27. Pali timabokosi tina ta mabatani timene mukalemba \x1B timatumiza zilembo zinayi monga mwazilembera. Timeneto timafuna kuti musankhe kaye hex mode. Zida za Extron zimalolanso chilembo W m'malo mwa Escape ndi mzere woimirira | m'malo mwa carriage return, zimene zimathandiza ngati chotumiziracho chikukana mabaiti osaoneka. Kuti muone chimene chikutulukadi, lumikizani chotumizira chanu ku laputopu m'malo mwa makina, tsegulani pulogalamu ya terminal ya RealTerm pa hex, dinani batani. Mukaona 45 poyambirira, mwapeza wakuba.

Palinso kena kamene kamapusitsa polemba ndi manja: mukadina Esc n'kuyamba kufufuza m'buku kuti chotsatira n'chiyani, makina sadikira mpaka kalekale. Mabuku a Extron amanena kuti mpata wa masekondi 10 pakati pa zilembo umathetsa lamulolo. Zilembo zimene mulembe pambuyo pake aziwerenga ngati lamulo latsopano, ndipo zina mwa izo n'kukhala malamulo aafupi enieni osintha zinthu. Konzani lamulo lonse kaye, mulitumize kamodzi.

Lamulo lalitali loyamba kuyesera likhale la verbose mode, chifukwa ndi lomwe mudzalifune pa ntchito yonseyi. Tumizani Escape, 3CV, carriage return. Yankho ndi Vrb3. Mu Python, ndi pyserial, zimaoneka chonchi:

```
import serial
s = serial.Serial("COM4", 9600, timeout=2)
s.write(b"\x1b3CV\r")
print(s.readline())
s.write(b"Q")
print(s.readline())
```

Verbose ili ndi magawo anayi, 0 mpaka 3. Pa 1, pamene RS-232 imayambira, makina amakuuzani okha chinthu chikasintha, ngakhale atasintha ndi munthu pa sikirini yokhudza kapena pa mabatani a kutsogolo. Pa 2 mayankho a mafunso amabwera ndi dzina kutsogolo. Pa 3 mumapeza zonse ziwiri. Kufunika kwa dzinalo n'kwakuti mukafunsa mafunso awiri motsatana n'kulandira 1 ndi 0 opanda dzina, simudziwa kuti 1 ndi wa funso liti. Tumizani lamuloli nthawi iliyonse chotumizira chanu chikayaka kapena chikaona mzere wa Copyright uja, musaganize kuti makina akumbukira.

Verbose imakupatsaninso njira yophunzirira malamulo a makina anu enieni. Siyani terminal yotsegula, pitani pa sikirini yokhudza, sinthani mtundu wa cholembera, fufutani zolemba, imitsani kanema, dinani kujambula. Onani mizere imene ikutuluka, muifananize ndi tebulo la SIS m'buku logwirizana ndi firmware imene Q yakuuzani. Ndikutsindika za firmware chifukwa Annotator yoyamba, Annotator 300 ndi Annotator 401 ndi makina osiyana, ndipo lamulo lopezeka pa intaneti la mtundu wina likhoza kubweza E10 kapena E13 pa wanu.

Manambala a zolakwika amene mukumane nawo pa ntchitoyi ndi ochepa. E13 akutanthauza kuti lamulo ndi lodziwika koma nambala imene mwaikamo ili kunja kwa malire. E14 ndi lamulo losagwirizana ndi mmene makina akhazikitsidwira panopa. E22 ndiye kuti makina atanganidwa. E24 imabwera pa netiweki mukalowa ngati user pamene lamulolo likufuna administrator. E28 ndi dzina la fayilo lolakwika kapena fayilo yosapezeka.

Za menyu, ndikanakhala inu sindikanaiika m'batani n'komwe. Annotator 300 ili ndi zotulutsira ziwiri zodziimira pazokha, Main ndi Confidence, ndipo mutha kusankha kuti menyu ndi kalozera zizioneka kuti. Lumikizani pulojekita ku Main, sikirini yokhudza ya aphunzitsi ku Confidence, ndipo muuze makina kamodzi kuti menyu izioneka ku Confidence kokha pamene zolemba zikuoneka konse kuwiri. Ophunzira saonanso menyu, ndipo batani lanu latsala ndi ntchito imodzi. Ngati panopa sikirini ya aphunzitsi ndi pulojekita zikudya pa chotulutsira chimodzi kudzera pa splitter, kusuntha chingwe chimodzi kuthetsa theka la funso lanu. Tumizaninso lamulo limeneli makina akayaka, kuti wina akasintha masana, mawa m'mawa zibwerere m'malo.

Ngati pazifukwa zina muyenerabe kubisa menyu ndi batani, gwiritsani ntchito lamulo lonena mwachindunji kuti bisa kapena onetsa. Pewani kupanga batani losinthasintha limene limangokumbukira palokha kuti menyu inali yotsegula. Aphunzitsi akakhudza sikirini n'kutsegula menyu ndi chala, batanilo limasokonezeka, ndipo kuyambira pamenepo limaonetsa pamene likuyenera kubisa. Chimodzimodzi ndi kutseka mabatani a kutsogolo kwa makina, kumene Extron amakutcha executive mode: 1X kutseka, 0X kutsegula. Ndi bwino kutseka m'chipinda chimene mumalowa anthu ambiri, ndipo RS-232 imagwirabe ntchito mabataniwo atatsekedwa.

Tifike pa zithunzi zosowa, pamene pali ntchito yeniyeni. Chithunzi cha 1920 × 1080 chosafinyidwa, cha mabaiti atatu pa kadontho, ndi mabaiti 6,220,800. Makina ayenera kuchitenga m'chikumbumtima cha kanema, kuphatikiza zolemba, kupanga fayilo, ndi kuilemba pa fulashi. Zimenezi zimatenga masekondi, pamene lamulo lanu la zilembo khumi limadutsa pa waya m'gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Aphunzitsi akadina kasanu motsatana, kapena batani lanu likatumiza malamulo anayi nthawi imodzi, ena amafika makina ali pakati pa kulemba. Amakanidwa, mwina ndi E22, koma poti palibe akuwerenga yankho, inu mumaona ngati zatheka.

Manambala omwewa akuonetsanso kuti chithunzicho sichingabwere kwa inu kudzera pa RS-232. Pa 9600 baud, baiti iliyonse imatenga ma bit 10, ndiye pa sekondi padutsa mabaiti 960. Chithunzi chija chingatenge masekondi 6,480, ola limodzi ndi mphindi 48. Ngakhale pa 115200 ndi mphindi 9. Serial ndi yolamulira. Chithunzi chizipita pa fulashi, m'chikumbumtima cha makina kapena pa netiweki.

Batani lanu lichite motere, ndipo lisadumphe sitepe lisanalandire yankho la sitepe yapitayo:

1. Likadinidwa, lidzitseke lokha, lisalandirenso kudina kwina, ndipo liyatse nyali kapena lilembe kuti "Dikirani".
2. Ngati pa sikirini pakuyenda kanema, monga wa ultrasound, liimitse chithunzi. Pa ma scaler ambiri a Extron, makina osintha kukula kwa kanema, lamulo lake ndi 1F, ndipo yankho limayamba ndi Frz. Pa X-ray yongoima sitepe iyi ndi yosafunika.
3. Litumize lamulo losunga, ndi dzina la fayilo latsopano.
4. Lidikire yankho lotsimikiza, mpaka masekondi 10. Likalandira E22, lipume sekondi imodzi n'kuyesanso, osapitirira katatu.
5. Likalandira yankho labwino, limasule kanema ndi 0F, lionetse kuti zatheka, lidzitsegule. Likalephera, limasulebe kanema, koma liuze aphunzitsi kuti chithunzi sichinasungidwe.

Sitepe yachisanu ndi imene ambiri amaiiwala. Akalemba njira ya zinthu zikayenda bwino basi, tsiku limene fulashi yadzaza kanema amangouma pa khoma ndipo aphunzitsi amazimitsa makina onse.

Yesani kamodzi ndi wochi m'manja kuti mudziwe ngati yankho lotsimikiza likubwera fayilo itamalizidwa kapena itangoyambidwa. Gwiritsani ntchito fulashi ya kanyali: ngati yankho lafika koma kanyali kakuphethirabe, onjezani mpata wa masekondi amene mwawerengawo musanalole kudina kwina. Ngati chotumizira chanu ndi kabokosi kosatha kuwerenga mayankho, mpata umenewu ndi chitetezo chanu chokha, ndiye muupime ndi fulashi yochedwa kwambiri imene muli nayo, muwonjezerepo theka.

Powerenga mayankho, kumbukirani kuti lililonse limathera ndi 0D 0A, ndipo silifika lonse nthawi imodzi. Pulogalamu ikhoza kulandira Fr kaye, z1 pambuyo. Sonkhanitsani mabaiti mpaka muone 0D 0A, pamenepo ndiye muwerenge mzere. Ndipo poti verbose yayatsidwa, pakati pa lamulo lanu ndi yankho lake pakhoza kulowa mzere wina wonena kuti aphunzitsi asintha mtundu wa cholembera. Pulogalamu isatenge mzere woyamba kufika ngati yankho. Ifufuze mzere woyamba ndi dzina limene ikuyembekeza kapena ndi E wotsatana ndi manambala awiri.

Chifukwa chachiwiri chosowetsa zithunzi ndi dzina. Ngati batani limatumiza dzina limodzimodzi nthawi zonse, chatsopano chikhoza kufufuta chakale. Onani tsiku ndi ola la mafayilo awiri amene anatsalawo. Mukapeza kuti imodzi ili ndi ola la kudina komaliza, ndi zimenezo. Pangani dzina lokhala ndi tsiku ndi nambala yokwera, lopanda mpata kapena zizindikiro zachilendo, monga xr0314_07, ndi mchira wa mtundu wa fayilo umene makina akhazikitsidwira. Nambalayo isungidwe pamalo poti magetsi akazima isabwerere ku 1. Ngati chotumizira sichitha kupanga mayina, gwiritsani ntchito quick capture, imene imapatsa mafayilo mayina yokha, ndipo mukonze wochi ya makina kuti masiku asasokonekere. Poti ndi zithunzi za odwala, dzina la wodwala lisalowe m'dzina la fayilo, ndipo muone ngati silikuoneka m'mphepete mwa X-ray yeniyeniyo, chifukwa fulashi zimayenda m'matumba a ophunzira.

Fulashi ikhale ya FAT32. Zazikulu kuposa 32 GB zimabwera zili exFAT nthawi zambiri, ndipo zenera la Format la Windows silipereka FAT32 pa zazikulu chotero, ndiye kugula ya 8 kapena 16 GB n'kosavuta kuposa kulimbana nazo. Tsimikizaninso kuti malo osungirako asankhidwa kukhala USB, chifukwa mwina zithunzi zitatu zija zilipo ndithu, m'chikumbumtima cha makina, ngati fulashi inali isanazindikiridwe pamene aphunzitsi ankadina. Mukailowetsa ipatseni masekondi angapo. Magetsi akazima makina ali pakati pa kulemba, fayiloyo imawonongeka ndipo nthawi zina fulashi yonse imafuna kukonzedwa. Ka UPS kakang'ono kodyetsa Annotator ndi chotumizira kokha n'kokwanira.

Chachitatu ndi HDCP, chitetezo choletsa kukopera kanema wodutsa pa HDMI. Chithunzi chotetezedwa ndi HDCP sichiloledwa kujambulidwa, ndipo apa pali msampha: malaputopu ena, makamaka a Apple, amayatsa HDCP akangoona kuti chida cholandira chikuitha, ngakhale zimene akuonetsa ndi PowerPoint wamba. Ndiye mphunzitsi wa laputopu ya Windows amasunga bwinobwino, wa MacBook akalumikiza zimakana, inu n'kumasaka vuto m'malamulo. Pa input imeneyo zimitsani HDCP Authorized, kudzera mu PCS, pulogalamu ya Extron yokonzera zida zake, kapena lamulo lake la SIS. Makina amadzionetsa ngati chida chopanda HDCP ndipo laputopu imatumiza chithunzi chosatsekedwa. Mtengo wake ndi wakuti mafilimu otetezedwadi sadzaonekanso pa input imeneyo, zimene m'kalasi ya X-ray sizikuvutani. Mukasintha, zulani chingwe cha HDMI n'kubwezeretsa kuti laputopu ikambiranenso ndi makina.

Malamulo omwewa amagwiranso pa netiweki kudzera pa Telnet, port 23, ndipo adilesi yochokera kufakitale ndi 192.168.254.254. Kumeneko verbose imayambira pa 0, ndiye popanda 3CV simumva chilichonse chimene aphunzitsi akuchita, komanso pakhoza kufunika password ndipo kulumikizana kumadulidwa mukakhala chete nthawi yaitali. Pa batani limodzi m'chipinda chimodzi, RS-232 ndi yodalirika kuposa. Netiweki muisiyire laputopu yanu: lowani pa Telnet, yatsani verbose 3, ndipo muziona makina akulengeza zosintha pamene batani la pa serial likudinidwa. Dinani kakhumi motsatana mwachangu monga angachitire mphunzitsi wofulumira, zulani fulashi n'kudinanso, lumikizani MacBook n'kudinanso. Mafayilo a pa fulashi akhale ofanana chiwerengero ndi nthawi zimene batani linanena kuti zatheka, ndipo pa kuyesa kopanda fulashi mufufuze ngati chithunzi chapita m'chikumbumtima cha makina kapena batani lanena kuti zakanika.